Kabokosi ka Loweruka

Mwanayo anabwera kwathu kudzakhala milungu iwiri yokha. Bambo ake anali mnansi wathu ku Joondalup mu mzinda wa Perth, khoma limodzi, munthu wa ku China amene ankachita maphunziro apamwamba pa yunivesite. Mkazi wake anamwalira mwanayo ali wamng'ono, choncho ankakhala awiriwiri. Mu Januwale 2020 bamboyo analandira uthenga woti mayi ake adwalika kwawo. Sukulu zinali pafupi kutsegulira ndipo sanafune kuti mwana ajombe. Anagogoda pakhomo pathu atanyamula thumba la malalanje, n'kupempha kuti timusungire mwanayo. Mkazi wanga anavomera ine ndisanatsegule pakamwa. Chipinda chinalipo, popeza mwana wathu anali atakwatira n'kusamukira ku Ellenbrook.

Patangopita masiku ochepa boma linatseka njira chifukwa cha mliri wa korona. Mayi aja anamwalira, anaikidwa, koma mnansi wathu sakanatha kubwerera. Milungu iwiri inasanduka mwezi, mwezi unasanduka miyezi. Anatitumizira mapepala, ndinasaina, ndipo kuyambira pamenepo ine ndi amene ndinali woyang'anira mwanayo pamaso pa sukulu ndi pamaso pa boma.

Anali mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi, m'kalasi yomaliza ya pulayimale. Sanali wolankhulalankhula, ndipo pamenepa tinagwirizana, chifukwa inenso sinditero. Ankanditchula kuti ankolo, mkazi wanga kuti anti. Mkazi wanga ndi namwino, ndipo Loweruka akakhala kuti sali pa shifiti ankayesa kumuluka tsitsi. Linkasomboka lisanathe ola, onse awiri n'kumaseka. Ine ndimagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba, kuwasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza pabedi. Masiku amenewo ndikaweruka ndinkavulira yunifolomu kuseri, m'chipinda chochapira, n'kusamba ndisanapatse moni munthu aliyense. Mwanayo ankaima kuseri kwa chitseko chagalasi n'kundibayibitsa, kenako ankapita kukatereka madzi a tiyi. Palibe anamutuma. Anangoona kuti ndikasamba ndimafuna tiyi.

Matchalitchi atatsegulidwanso tinayamba kupita naye ku Mirrabooka kumene timapemphera. Lamulo linali loti mipando italikirane. Koma yathu inkatalikirana ndi ya anzathu kuposa mmene lamulo linkanenera. Tsiku lina titatuluka, mayi wina wachikulire wa mu mpingo anaima pafupi ndi galimoto yathu n'kuuza mkazi wanga m'Chichewa, akumwetulira kuti mwanayo asazindikire:

"Koma inu ndinu olimba mtima. Mwana wa eni matendawo kumusunga m'nyumba, inu anthu ogwira odwala?"

Mkazi wanga anamuyankha kuti mwanayo sanachoke mu Perth muno kwa zaka zitatu, ndipo ngati pali woopsa pakati pathu ndi iye mwini, namwino amene amakhalira m'chipatala. Ine ndinangotsegula galimoto n'kulowa. Kuntchito nakonso mnzanga wina ankakonda kundifunsa mwanthabwala kuti mlendo wanga sakutsokomola kodi. Ndinkaseka nawo. Ndinkadziwa kuti ndi zopanda nzeru, komabe zinakhazikika penapake mwa ine.

Chaka chili pakati, nkhani ya sekondale inabwera. Bambo ake anaimba foni ya kanema, mwanayo ali kusukulu. Anati ali ndi pempho limodzi, kuti ikhale sukulu ya atsikana okhaokha, chifukwa malemu mkazi wake anaphunzira pa sukulu yotero ndipo ankafuna kuti mwana wake adzatero. Zina zonse anandisiyira.

"Inu muli komweko, mukuona ndi maso," anatero. "Chimene mungasankhire mwana wanu, musankhire wanganso."

Sukulu zimene zinali ndi malo zinali ziwiri. Yoyamba inali yoyendera. Mwana akanakwera sitima pa Joondalup, n'kutsika, n'kukwera basi pang'ono. Yachiwiri inali yogonera komweko, kufupi ndi mtsinje, ulendo wosakwana ola pagalimoto. Tinakaziona zonse tsiku limodzi, atatu, tikupaka mankhwala m'manja pa chitseko chilichonse.

Pa sukulu yoyendera ija mwanayo anafunsa mafunso, chinthu chimene sankachita kawirikawiri. Anafunsa mphunzitsi amene ankationetsa malo kuti basi yomaliza ya masana imanyamuka nthawi yanji, n'kulemba m'kabuku kake. Potuluka anawerengera n'kundiuza kuti azifika kunyumba ine ndisanaweruke. Ndinamva. Sindinganame kuti sindinamve.

Pa yogonera ija sanafunse kanthu. Amene anachita chidwi ndi ine. Kapinga wometa bwino, tchalitchi chaching'ono cha njerwa, mabedi oyala mofanana, belu la nthawi yowerenga madzulo. Ndinaima pakhomo la hositelo ndipo ndinabwerera zaka makumi atatu ndi zisanu m'mbuyo.

Kwathu, kusankhidwa kupita ku sekondale yogonera chinali chinthu chachikulu kuposa china chilichonse chimene chikanachitikira mwana. Ine ndinasankhidwa. Mlongo wanga, amene anali wanzeru kundiposa, anapeza malo pa sukulu yoyendera, mtunda wa maola awiri wapansi. Ankadzuka kukatunga madzi, kupita kusukulu, kubwerera kudzaphika. Ali Fomu 2 anatenga pathupi, sukulu inathera pomwepo. Kuyambira nthawi imeneyo m'mutu mwanga munali chinthu chimodzi: mtsikana amene ukumufunira zabwino umamuika kumpanda, kumene kuli belu ndi geti. Msewu ndi umene umawononga atsikana.

Chifukwa chimenechi n'choona, ndipo ndi chimene ndinauza aliyense. Panalinso china chimene sindinauze munthu. Ndinkaganiza kuti mwanayo akachoka m'nyumba, mipando ya kutchalitchi idzasendera pafupi, ndipo mnzanga wa kuntchito adzapeza nthabwala ina. Zifukwa ziwirizi zinalukana moti ine mwini sindinkafuna kuzilekanitsa.

Tikudya madzulo ake ndinamufunsa mwanayo: "Sukulu yogonera ija waiona bwanji?"

"Ndi yabwino, ankolo." Anayankha akuyang'ana m'mbale.

"Ndi yabwino zedi. Kwathu ana amailirira sukulu yotere."

"Chabwino, ankolo."

Mwanayo atapita kuchipinda, mkazi wanga anandiyang'ana. "Mwamufunsa kapena mwamuuza?"

"Wavomera, mayi. Mwamva nokha."

"Ndamva mwana wosungidwa akuyankha mwini nyumba. Mumafuna anene chiyani, bambo?"

Ndinamukumbutsa za mlongo wanga. Nkhani imeneyo mkazi wanga amailemekeza, ndipo ndinkadziwa kuti ndikaitchula atonthola. Anatontholadi.

Mafomu anabwera ambiri. Ndinawalemba ndekha, mosamala, monga ndimachitira ndi pepala lililonse. Pa tsamba lina panali funso loti kodi mwana aziloledwa kutuluka Lachisanu madzulo kapena Loweruka kukagona kwa womuyang'anira. Panali timabokosi tiwiri, inde ndi ayi. Sindinachedwepo. Kusukulu kwathu mtsikana wotuluka kumapeto kwa sabata ankadziwika kumene akupita, ndipo kholo lanzeru silinkapereka chilolezo chotero. Mwana ankapita teremu ikamayamba n'kubwera ikatha. Pakati pake pankakhala tsiku limodzi loyendera ana, basi. Ndinachonga pa ayi, ndipo ndinadziona ngati munthu wosamala mwana wa mnzake. Tsamba limenelo mkazi wanga sanalione.

Kutatsala sabata kuti apite, tinamuchitira phwando, monga timachitira kwathu mwana akasankhidwa. Tinaitana a mpingo. Panali mpunga, nkhuku, mandasi ndi zakumwa. Anthu anabwera ambiri kuposa amene ndinkayembekezera, ndipo mayi wachikulire uja anabweranso, ndi iye amene anayambitsa nthungululu. Akuluakulu anaimirira mmodzimmodzi kumulangiza m'Chingerezi: limbikira sukulu, usacheze ndi anyamata, mvera aphunzitsi. Anaimba, anavina pang'ono, anamupempherera. Mwanayo anakhala pa mpando pakati pa balaza, manja pamaondo, akuyang'ana anthu amene chaka chonse sanamuyandikire akusangalala. Ine ndinkaona ulemu umene tikumupatsa. Zimene iye ankaona sindinaziganizire.

Sukulu zinachedwa kutsegulira ndi sabata imodzi chifukwa mzinda unatsekedwa kwa masiku angapo. Kenako tinamuperekeza, titavala mamasiki. Ndinali nditamugulira zimene mwana wopita kogonera amafunika: sutikesi ya loko, shuga, chiponde, mtedza wokazinga, sopo wochapira ndi ndowa. Mayi woyang'anira hositelo, mzungu wamtali wa imvi, anayang'ana ndowayo n'kundifunsa mwaulemu kuti ndi ya chiyani. Nditafotokoza anaseka pang'ono, osati monyoza, n'kunena kuti madzi alipo ndipo zovala zimachapidwa ndi makina. Ndinabwerera nayo ndowayo kugalimoto. Panthawiyo ndinaganiza kuti chimene ndalakwitsa tsiku limenelo ndi ndowa.

Potsanzikana mwanayo anakumbatira mkazi wanga nthawi yaitali. Ine anandigwira dzanja.

"Mudzabwera liti, ankolo?"

"Teremu ikatha. Iwe limbikira."

Milungu inayamba kupita. Mkazi wanga ankafuna kukamuona Loweruka loyamba lomwe. Ndinamuletsa. Ndinati mwana woyenderedwa pafupipafupi sazolowera, amangoyang'ana kugeti. Ine bambo anga anabwera kamodzi kokha pa zaka zinayi, ndipo sindinafe. Tinkamuimbira foni Lamlungu lililonse tikachoka kutchalitchi. Ankati ali bwino, chakudya chili bwino, aphunzitsi ali bwino. Bambo ake nawonso ankawauza chimodzimodzi, ndipo iwo ankanditumizira mauthenga othokoza.

Kutchalitchi mipando inasenderadi. Ndinaziona, ndipo ndinamva kupepuka. Zimenezi ndizilembe momwe zinalili.

Sabata yachisanu ndi chimodzi, ndili pa nthawi yopuma kuntchito, mayi wa ku hositelo uja anaimba. Anayamba ndi kunditsimikizira kuti mwana sakudwala ndipo m'kalasi akuchita bwino. Kenako anati akufuna kumvetsa chinthu chimodzi. Anati ana ambiri ogonera pamenepo ndi a alimi a kutali, ulendo wa tsiku lonse, ndipo ngakhale iwowo Loweruka amatengedwa ndi azakhali awo kapena makolo a anzawo. Lachisanu likafika hositelo imatsala ndi ana owerengeka. Mwana wathu anali asanatulukepo geti ngakhale kamodzi. Mnzake wa m'chipinda anamuitana kawiri kuti apite naye kwa agogo ake, koma fomu inali kukana.

"Ndinkaganiza kuti mumakhala kutali," anatero. "Ndayang'ana adiresi, ndaona Joondalup. Kodi pali vuto kunyumba limene tiyenera kulidziwa?"

Ndinati palibe vuto. Ndinayamba kufotokoza za mmene timachitira kwathu, koma mawu anga ankamveka achilendo ngakhale kwa ine.

"Ndakumvani," anatero. "Kungoti atsikana anzake atamufunsa, anawauza kuti mu Perth muno alibe munthu."

Ndinabwerera ku ntchito. Ndinali ndi gogo wina woti ndimudyetse phala, bambo amene ana ake anali asanabwere kudzamuona kwa miyezi, ndipo ife ogwira ntchito tinkawanena ana amenewo tikakhala patokha. Ndinamudyetsa mpaka anamaliza, n'kumupukuta pakamwa.

Madzulo ndinauza mkazi wanga zonse, ndi za kabokosi komwe. Sanakweze mawu. Anangofunsa kuti, "Ndiye Loweruka lililonse ndinkakhala pano ndikuchapa makatani, mwana ali yekha uko, chifukwa cha cholembera chanu?" Ndinati inde. Anati Loweruka likubwerali ali pa shifiti, ndipo n'zabwino, chifukwa ndiyenera kupita ndekha.

Ndinapita m'mawa. Malo oimika magalimoto anali opanda kanthu. Ndinayamba ndapita ku ofesi kukasintha fomu ija, ntchito ya mphindi imodzi. Kenako anandilozera kumene mwanayo anali. Ndinamupeza pa benchi kuseri kwa hositelo, pansi pa mtengo wa bulugamu, akuwerenga. Anali atatalika pang'ono, kapena ndi yunifolomu ya masewera imene inamuonetsa choncho. Ataniona anaimirira.

"Teremu sinathe, ankolo."

"Ndikudziwa. Ndabwera kudzakutenga. Ukagone kunyumba, ndidzakubweza mawa."

Sanasunthe. Ndinakhala pa benchipo, iyenso anakhala, kumapeto kwake.

Ndinamufotokozera za sukulu yanga, za bambo anga, za mlongo wanga. Sindinalankhulepo naye nthawi yaitali chotero. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Nanga phwando lija?" anafunsa.

"Linali lokulemekeza. Kwathu timatero mwana akapeza sukulu yabwino."

"Ndinkaganiza kuti mukusangalala kuti ndikuchoka." Anatembenuza buku lake m'manja. "Ndinakhala ndikuganiza kuti ndinalakwa chiyani. Mwina ndinkachedwa m'bafa. Mwina ndinkadya kwambiri. Milungu iwiri ija inatalika, ndikudziwa."

"Sunalakwe chilichonse."

"Ndiye ndi chifukwa cha matendawa? Anthu a kutchalitchi aja?"

Anandiyang'ana m'maso, chinthu chimene sanachitepo chiyambire. Apa ndi pamene ndinali ndi mpata. Mwana wa zaka khumi ndi ziwiri anali atafunsa funso lolunjika, ndipo yankho ndinali nalo.

"Ayi," ndinatero. "Zimenezo usaziganizire n'komwe."

Anandiyang'anabe kanthawi, kenako anagwedeza mutu. "Chabwino, ankolo. Ndikatenge chikwama."

Kuyambira pamenepo ndinkapita kukamutenga Lachisanu lililonse. Ndinasinthana mashifiti ndi anzanga kuti ndisaphonye. Mkazi wanga ankaphika zimene mwanayo amakonda. Mwanayo ndinamuuza kuti ngati akufuna, teremu yotsatira ndimusamutsira ku sukulu yoyendera ija. Anakana. Anati wasamuka mokwanira, ndipo wapeza anzake. Kunyumba ankabwera, koma ankagogoda asanalowe ngakhale anali ndi kiyi. Ankapempha asanatsegule firiji. Zovala zake sankazitulutsa m'chikwama. Lamlungu ankati ali ndi homuweki yambiri, ndipo ife tinkapita kutchalitchi awiri. Ndi mkazi wanga ankasekabe nthawi zina. Ndi ine anali waulemu kwambiri, ulemu umene mwana amapereka kwa mphunzitsi wamkulu.

Kangapo, tili m'galimoto pa msewu waukulu wobwerera ku Joondalup, ndinakonza mawu oti ndimuuze zoona. Ndinkati ndikadutsa mlatho uwo ndiyamba. Tinkadutsa mlathowo, ine n'kufunsa za masamu.

Chaka chikupita kumapeto, njira zinali zikadali zotseka ndipo bambo ake analibe tsiku lobwerera. Lachisanu lina atalowa m'galimoto sanamange lamba. Anatulutsa envelopu m'chikwama n'kuiika pamaondo pake.

"Ankolo, ndili ndi pempho."

Anati makolo a mnzake wa m'chipinda, alimi a tirigu a kutali kum'mawa, amuitana kuti akakhale nawo tchuthi chonse cha Khirisimasi. Anatinso iwo avomera kukhala omuyang'anira chaka chamawa, ngati ine ndingalole. Bambo ake anali atawauza kale, ndipo iwo anati sangayankhe kanthu ine ndisanalankhule, chifukwa zikhala ngati kusayamika.

"Kumeneko n'kutali," ndinatero. "Ukadwala?"

"Kuli chipatala. Ndinafunsa."

"Anti ako ukawauza chiyani?"

"Ndinawauza kale. Analira, koma anati ndifunse inu."

Ndinazimitsa galimoto. Atsikana ena ankadutsa ndi zikwama zawo, akukuwirana, makolo akutsegula mabuti. Ndinamuuza kuti pali chinthu chimene anandifunsa pa benchi paja, ndipo sindinamuyankhe zoona. Ndinati sukulu ndinaisankha chifukwa cha mlongo wanga, zimenezo sizinali zabodza, koma anthu a kutchalitchi aja nawonso analimo. Ndinati ndinachita manyazi ndi iye pamaso pa anthu amene ndinayenera kuchita nawo manyazi iwowo. Sindinathe kunena bwino. Chingerezi changa chimachepa zikafika potere.

"Ndinkadziwa, ankolo," anatero. Sanakwiye. "Ndinkafuna kungomva ngati munganene."

"Ndanena mochedwa."

"Inde."

Kenako ndinamufunsa ngati zimene ndanenazi zingasinthe za envelopuyo. Anaganiza kaye, ndipo ndimamuyamikira kuti anaganiza.

"Ayi," anatero. "Koma ndizibwerabe kudzaona anti. Ndi inunso."

Anandipatsa envelopuyo. Ndinavala magalasi n'kuwerenga tsamba lililonse, mzere ndi mzere, iye akudikira. Anthuwo anali atalemba zonse bwino, ndipo panalibe chimene ndikanatsutsa. Cholembera changa ndinali nditachisiya m'thumba la yunifolomu, choncho anandibwereka chake. Ndinatsamiritsa pepalalo pa chiwongolero n'kusaina.